Thole lofiila m'khola la Misheck

Pa siteji ya ku Magodi, Misheck anali kudandaulila mdala wina wosamudziwa, uku akuyembekeza basi ya kutauni.

"Adada, ng'ombe yanga ndi yakuda bii. Ndinakaisiya kwa Danwell, mkulu mnzanga wa mpingo, kuti ikwelane ndi nkhunzi yake yakuda. Thole labadwa lofiila! Anandipusitsa ameneyo. Ndikukamunenela kwa abusa."

"Ine ndaweta akavalo zaka khumi ku Chisamba," anatelo mdalayo. "Awili akuda ngati makala anabeleka wofiila. Palibe anaitana abusa."

"Kapena ng'ombe yangayo inaona chofiila pomwa madzi, ngati ziweto za Yakobo?"

"Iyayi. Ubweya wakuda umaphimba wofiila. Kufiilako kumabisala m'magazi mpaka kutakumana ndi kunzake. Nanga mayi wa ng'ombe yanuyo anali wotani?"

Misheck anayang'ana pansi.

"Tinkamutcha Katondo."

"Basi, theka la mlanduwo lachokela m'khola lanu."

"Mayo ine! Miyezi iwili sindinamupatse moni Danwell, ndipo Sabata lino kuli Mgonelo."

Basi inafika, mdalayo anakwela. Misheck anavala chipewa chake, nalowa kanjila kopita kwa Danwell.