Kanyale Kofiira pa Ulendo wa ku Maliro

Awulutsi, nkhaniyi muwerenge osatchula dzina langa, chifukwa amene ikuwakhudza amamvera pulogalamu ino.

Amalume anga amene anandilera anamwalira ku Chipangali. Tsiku loti mawa tikaika maliro, ndinapereka galimoto yanga kwa alamu anga, amakanika a muno mu Chipata, kuti ayione. Pobweza anati, "Mlamu, mtima m'malo. Iyi ingafike ngakhale ku Lusaka."

M'mawa ndinanyamuka ndi nkhata za maluwa. Nditalowa msewu wafumbi, kutali ndi tauni, kanyale kofiira ka batire kanayaka. Ndinawaimbira foni alamu aja. "Ndi kawaya chabe, pitirizani," anatero. Ndinatseka wailesi kuti ndisunge moto, koma posakhalitsa injini inazima pakati pa minda ya mtedza.

Bambo wina wa thirakitala anaima n'kutsegula boneti. "Mayi, alitaneta iyi, yomwe imatchaja batire, ndi yakufa kalekale. Koma mabawuti ake amasulidwa posachedwa. Wakusinthirani ndani?"

Anandikoka ndi chingwe, ndipo ndinafika anthu akuchokera kumanda. Pabwalo panaima kapikapu ka alamu aja, kamene kanakhala pamiyala miyezi itatu chifukwa chosowa alitaneta. Akuluakulu ankawathokoza chifukwa chonyamula bokosi la maliro pa kapikapuko. Alamuwo atandiona, anayang'ana pansi.

Nkhata zanga ndinakaika ndekha pamtumbira. Mpaka lero mchemwali wanga amadabwa kuti bwanji sindipereka moni kwa amuna ake.

Omvera anzanga, kanyale kaja kakayaka musakanyoze. Tsiku lija kananena zoona ndi kanyaleko, anandinamiza ndi m'bale.