Achemwali Anga ndi Funso la ku Sikelo

Malemu achemwali anga, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa pa 14 Ogasiti 1997, woyamba m'banja la ana anayi. Ine ndine chitsiriza. Mbiriyi anayenera kuwerenga ndi amalume, koma mawu awathera, ndiye mundipirire.

Sukulu anayamba mu 2003. Mutu unali wakuthwa, koma zala zinkangokhala m'tsitsi la anzawo. Mu 2014, ali ndi zaka 17, anatenga pathupi, mwini wake n'kuthawa. Pathupipo anachotsa, ndipo anadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala milungu iwiri. Ndikuona ena mwaweramitsa mitu. Musadabwe, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi dzulo n'kuvomereza kuti ndinene, poti zikunong'onedwa kale kuseri kwa nyumbaku, ndipo nanenso makutu ndili nawo.

Mu 2016 anayamba ntchito mu saluni ya pafupi ndi siteji ya basi, ija ya magalasi atatu, limodzi long'aluka. Ankaluka tsitsi chiimire tsiku lonse, chipeso pakamwa, koma nkhani osadukiza. Kumeneko n'komwe alamu, okonza mafiriji, anabwera kudzakonza dilaya youmitsira tsitsi. Dilaya imodzi maulendo asanu! Mpaka abwana a saluni anati, "Bambo, chikukuvutani pano si dilaya ayi." Anakwatirana pa 2 Juni 2021.

Mu Januwale 2024 achemwali anaima. Apongozi awo aakazi anakondwa osati masewera, poti alamu anabadwa okha. Tsiku loyamba sikelo apongoziwo anawaperekeza, kuwanyamulira chikwama, n'kulowa nawo m'kachipinda momwe, kukhala pampando wa pafupi ndi khomo. Anamwino, cholembera m'manja, anafunsa ngati mimbayo inali yoyamba, ndiponso ngati ina inachokapo. Achemwali anayang'ana apongozi, n'kuyankha kuti ndi yoyamba. Anamwino anawayang'anitsitsa n'kunena kuti adzakambirananso ulendo wina.

Ulendo winawo sunafike. Tsiku la sikelo likakwana, achemwali ankati makasitomala achuluka. Ankaopa kuti funso lija liwadikira, apongozi ali pampando womwe uja, banja n'kugwedezeka.

Miyendo inatupa, mphete inakana kuvuka. Amayi a mu saluni ankati ndi mapasa, ena ankati n'kuimirira. Mutu unkawawa, maso kuchita chizimezime, iwo n'kumangomwa timapiritsi ta mutu. Ine chifukwa chothawira sikelo ndinkachidziwa, anandiuza okha akundiluka. Mumati pakamwa panga sipagona nkhani, koma iyi yokha ndinaisunga miyezi isanu. Mwa zonse zimene ndinaululapo, yoyenera kuulula inali imeneyi.

Pa 3 Seputembala masana, akuluka kasitomala, anagwa n'kuyamba kuphiriphitha. Kuchipatala anawachita opareshoni, mwana wamkazi anatuluka wamoyo. Achemwali sanatsitsimukenso, anatisiya pa 5 Seputembala m'mawa, ali ndi zaka 27.

Pakhonde la chipatala ndinafotokoza zonse. Alamu anafunsa adokotala maso ndi maso ngati mimba yakale ija ndiyo yawapha. Adokotala anati matendawa ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, ndipo amagwira ochotsapo ndi osachotsapo omwe. Za mimba yakale anati sangaiimbe mlandu. Chimene anaona iwo m'buku la sikelo ndi masamba oyera: miyezi yonseyo palibe anawayeza magazi. Ndiye amene mukuti ndi chilango, mawu a adokotala ndi amenewo.

Apongozi atamva anakhala pansi pasimenti. Anati, "Mwana wanga akanangondikodola, ndikanadikira pabenchi panja." Andituma ndinene kuti sakanawabweza kwawo, ndipo mdzukulu wawo asadzamve kwa munthu aliyense kuti mayi ake anafa imfa yamanyazi. Akutinso amene mukuperekeza apongozi anu kapena ana anu ku sikelo, chikwama nyamulani, koma pakhomo muzitsala.

Malemu asiya amuna awo, khanda la masiku anayi lomwe likadali kuchipatala, amayi, apongozi, alongo awiri ndi ine. Tikuthokoza anamwino, adokotala, abwana a saluni ndi nonse mwatigwira dzanja. Tithokozenso kasitomala uja amene anawanyamula mpaka pagalimoto. Ali nafe pano, mpango kumutu, wakana kuti wina amalize kumuluka.

Achemwali, usani mumtendere. Mwana tilera.