Dazi Limadikira Chisankho

"...ayi bambo, dazi si matenda. Zimangotengera amene akulamula."

Kkkkk anthuni, izi ndazimva lero pamzere ku famase!! Kutsogolo kwanga kunali mayi wina atagwira buku la nthano, ndi bambo wachipewa ali ndi mnzake. Bamboyo anali atangofunsa mayiwo ngati muno amagulitsa mankhwala omeretsa tsitsi.

"Akulamula chiyani, mayi? Ine ukwati wanga ndi Loweruka, ndipo m'tchalitchi salola chipewa. Mkaziyo sanaonepo pamwambapa."

"Tamverani. M'bukumu muli mtsogoleri wadazi. Atangolowa m'boma, madokotala onse analengeza kuti kafukufuku wapeza zoti tsitsi limayamwa nzeru. Watsitsi lambiri ankamugoneka m'chipatala."

"Aaa! Madokotala enieni?"

"Enieni, amagalasi ndi majasi oyera. Mmodzi atatsutsa anamutumiza kukabaya ng'ombe jakisoni."

"Dziko labwino bwanji! Basi yake imakwereredwa pati?"

"Musathamange. Pachisankho anapambana wina watsitsi ngati nkhalango. M'mawa mwake madokotala omwewo, majasi omwewo, akuti dazi ndi mliri, munthu wadazi osamupatsa moni wapamanja."

"Ndiye ine ndigule mankhwala kapena ndidikire chisankho?"

"Loweruka lili pafupi kuposa chisankho, bambo."

Bamboyo anacheukira mnzake uja. "Iwe ukungoseka, sundithandiza?"

"Ndikuthandiza, ase. Vula chipewacho uyime nawo wekha pa upulezidenti. Alamu ungowauza kuti akukwatiwa ndi boma likubwerali."