Mphindi zitatu za aPhiri pa lamya ya ku Kitwe

Chaka chomwe ndinali ndi pakati pa amalume anu aTobiasi, nthawi ija tinkaima pamzere wa sopo ndi mafuta, ine ndinkagwira ntchito yolumikiza lamya pa positi ya ku Katete. Ikani pansi kaye timafoni tanuto, mundimvere! Masiku amenewo nthambo yotulukira kunja kwa Katete inali yovuta kuipeza, ndipo aboma, a masitolo ndi anthu a kumidzi onse ankailimbirana. Munthu ankalembetsa dzina m'mawa n'kukhala pabenchi, koma aboma akafuna kuyankhula ena onse ankadikira, ndipo nthawi yako ikakwana unkapatsidwa mphindi zitatu basi.

Tsiku lina kunabwera bambo wachikulire, aPhiri, atapalasa njinga kuchokera kuseri kwa Sinda. Akazi awo anali gone, matenda atakula, ndipo ankangotchula dzina la mwana wawo Lazaro amene ankagwira ntchito kumigodi ku Kitwe. Kalata ikanachedwa. Dzuwa litapendeka nthambo inapezeka, ndipo ndinapempha a ku ofesi ya kumgodi kuti amuitane.

Ndiye aPhiri anavula chipewa, kugwira lamya ndi manja awiri, n'kuyamba malonje. "Uli bwanji kumeneko, Lazaro? Nanga apongozi? Ana? Kuno mvula yagwa bwino, ng'ombe yakuda ija yabereka." Musaseke, inu! Kwathu nkhani yoopsa siiponyedwa ngati mwala, munthu umayamba wamukhazika mtima pansi. Ine uku ndikukodola kuti agogo nenani, koma ayi ndithu, mphindi zinatha asanawatchule odwalawo. Anangoima chilili, lamya ili kukhutu.

Wotsatira anali aSaidi a sitolo, ochokera ku Malawi, amene anadikira tsiku lonse kuti aitanitse nsalu ku Lusaka, ndipo ndiwo anali omaliza tisanatseke. Iwo anangoti, "Mayi, nthawi yangayi apatseni madalawa. Nsalu sizifa." Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Mwamwayi Lazaro anali asanachoke. Koma abale inu, aPhiri anayambanso! "Monga ndimanena, Lazaro, chimanga chaka chino..." Mtima wanga unangoti phwii. Lamulo linkatiletsa kulowa m'nkhani za anthu, ndipo mwambo sulola mkazi wachilendo kudula mawu a mkulu, koma ndinatsegula mbali yanga ya nthambo n'kunena kuti, "Achimwene, amayi anu akudwala kwambiri, akukuitanani. Kwerani basi lero." APhiri anandiyang'ana ndi diso loti mwana uyu analeredwa kuti, ndipo anatuluka osatsanzika. Ndinamva manyazi mpaka kunyumba.

Patapita milungu iwiri ndinawaona pakhomo la positi, mutu atameta mpala. Anati, "Munandichititsa manyazi, mayi. Koma anaonana. Amake anamugwira dzanja, mawa lake n'kutisiya." Ndinalira pamaso pa anthu, ine mayi wamkulu.

Ndimawasowa masiku amenewo, pamene benchi yonse inkadziwa vuto la munthu mmodzi. Lero lamya ili m'thumba la aliyense, palibe wokudulani, koma mumatha mwezi osaimbira amayi anu kumudzi. Aimbireni akadamva, adzukulu anga, ndipo muwalole afotokoze za mvula ndi ng'ombe mpaka atope okha.