Makina Opepesa Maliro

— Halo?

— Halo, Anti Jacinta! Ndine Lusekelo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, mwanawe. Kaya iwe?

— Bwinobwino. Kunyumbako?

— Kuli zii. Abale a ankolo ako a Foster anyamuka dzulo. Ndatsala ndekha ndi mipando ya kutchalitchi.

— Aa, pepani kwambiri. Ndimafuna ndibwere kumaliroko, koma ofesi...

— Wheaton ndi Silver Spring n'pafupi, kukwera basi imodzi, Lusekelo. Anthu anachokera ku Lusaka kudzagona pasiwa kuno ku America.

— Koma maluwa anafika?

— Anafika.

— Eya, anali odula amene aja. Mukundimva? Ndikuyendetsa galimoto pa msewu wa Beltway, netiweki ikuvuta.

— Ndikukumva. Ndipo wachita bwino kuyimba. Lolemba ndikufuna ndibwerere kuntchito ku ofesi kwako. M'nyumba muno ndipengamo ine.

— Tifika pamenepo. Choyamba mundithandize nzeru. Ndikugula pulogalamu ya pakompyuta yosungira makasitomala athu a inshuwalansi. Zilipo ziwiri, ndasowa chogwira.

— Zimenezo n'kufunsa ine lero?

— Nanga ndani amawadziwa anthu athu kuposa inu? Yoyamba ndi yotchipa. Imasunga mayina, tsiku lomwe inshuwalansi ya munthu ikutha, n'kumutumizira meseji.

— Meseji? Iii, wataya anthu. Mayi Namakau ungawatumizire meseji? Amene aja ufunse kaye za bondo lawo, za zidzukulu, kenako ndiye utchule za galimoto. Munthu wathu amafuna moni wapakamwa.

— Ehee! Ndimadziwa. Yachiwiriyo ndiye imayimba foni yokha. Imapereka moni, imafunsa za kunyumba, imadikira munthu ayankhe.

— Ndi mawu a mzungu?

— Ayi. Anu.

— Anga?

— Mwaiwala? Mwezi watha ndinakukhazikani pa maikolofoni masana onse. Moni, mafuno abwino, zonse zija.

— Tsiku lomwe ndinawasiya a Foster okha kuchipatala? Unati n'zongoyesa.

— N'kuyesa kumene. Ndiye yakhoza, anti! Sabata zitatu zomwe inu kulibe yayimbira anthu onse. Bambo Chalwe anacheza nayo mpaka kutsanzikana, osadziwa kanthu. Anandiuza kuti, koma Jacinta ndi wolimba mtima, mwamuna ali m'bokosi iye akugwira ntchito. Ndinaseka mpaka misozi.

— Unaseka.

— Nanga si zikusonyeza kuti ikugwira? Basi, mwandisankhira. Nditenga yachiwiriyo.

— Sindinasankhe kanthu ine. Ndayankha zomwe wandifunsa. Tsono Lolemba ndifike nthawi yanji?

— Halo? Mukuduka...

— Usanamizire netiweki. Lolemba.

— Anti, mupume. Mwatopa, komanso msinkhu.

— Ndipume mpaka liti?

— Mungopuma. Desiki yanu ndachotsa, ndaikapo pulinta. Makiyi mudzapatsire Michael wa ku ofesi uja kutchalitchi.

— Lusekelo! Ukundichotsa ntchito? Pafoni? Dothi la pamanda lisanaume?

— Musatero, anti. Pulogalamuyi ndi yodula, sindingasunge nonse awiri. Ndipo kunena zoona, iyoyi sidwazika matenda, sipita kumaliro sabata zitatu.

— Mayo ine! Iwe, unagona pasofa yanga zaka ziwiri uli pasukulu ku Fairfax. A Foster ankadzuka m'mamawa kukusiya kokwerera sitima ya Metro. Makasitomala ako oyamba ndinkawagwira dzanja pakhomo la tchalitchi, mmodzimmodzi, ndikuti mwanayu ndi wanga, mukhulupirireni.

— Ndipo onsewo ali m'kompyuta tsopano. Zikomo kwambiri.

— Wakula watha, eti? Kunyoza mtengo womwe unakwerera.

— Kuno ndi ku America, anti. Miyambi sigwira ntchito.

— Ndiye bweza mawu anga.

— Munasayina. Pepala lija ndinakubweretserani kuchipatala.

— Ndinasayina ndikulira, osawerenga!

— Komabe munasayina.

— Mtima wako ndi mwala. Nanga kasitomala akaferedwa? Ine ndinkanyamuka ndi chitenje changa, n'kukakhala pansi ndi amayi anzanga mpaka kucha. Makina akowo akakhala pasiwa?

— Apo ndiye pokoma. Ili ndi mbali yopepesa maliro. Ukangolemba kuti wakutiwakuti wamwalira, imayimbira wamasiye. Yokhayo ndiye sindinayese, chifukwa sipanafe kasitomala wina kupatula ankolo.

— Ukutanthauza chiyani?

— Ndalowetsamo dzina lawo lero m'mawa. Nthawi ili bwanji kumeneko? Yakwana folo?

— Dikira... pali foni ina ikulowa. Nambala ya ku ofesi.

— Eya, yasunga nthawi! Yankhani, anti. Mumvetsere mpaka kumapeto, mundiuze ngati chisoni chikumveka mokwanira. Wogulitsa akufuna yankho lero.

— Lusekelo, usandichite zimenezi, chonde...

— Kutsogoloku kuli apolisi, ndidule. Muswere bwino!

— Lusekelo? Halo? ... Halo?

— Halo. Ndine Jacinta, wa ku ofesi ya a Lusekelo. Tamva za zovuta zomwe zakugwerani. Pepani, pepani kwambiri. Simuli nokha, ife tili nanu. Mulungu akupukuteni misozi.

— ...Zikomo.

— Kuti muyambe kukonzekera maliro anu ndi inshuwalansi yathu, dinani wani.