Nyundo ya Okhoma Ndowa

Pa siteji ya basi, mtsikana wofufuza za phokoso la m'tauni anakhala pafupi ndi bambo wina wosaona, kamakina kopimira phokoso kali m'manja.

"Bambo, chichotsereni okhoma ndowa pakona paja, makutu akupumako?"

"Kani ndinu munawachotsetsa?"

"Anthu ambiri ankadandaula, bambo."

"Mwanawe, nyundo ija ndiye inali maso anga. Ikamveka kumanja, ndinkadziwa kuti ndikhote, kwa mwana wanga ndafika. Dzulo ndinazungulira mpaka miyendo kuwawa, kumafunsa njira ngati mlendo, m'tauni momwe ndakalambira muno."

"Pepani, bambo. Ndiye kuntchito ndikanene kuti chiyani?"

"Mukanene kuti kuli bata, musakaname. Koma mukawonjezere kuti mkulu wina wachita khungu kachiwiri."