Agogo Athawa Pachilumba

Tinali pamzere wa boti la m'mawa lochoka pachilumba, mwana wanga wamng'ono akundikoka siketi. Kutsogolo kwanga bambo wina anayamba kucheza ndi mayi wachikulire.

"Mukubwerera nokha, amayi?"

"Ndekha! Mwana wanga ndi mkazi wake anati, 'Tiyeni mukapumeko kunyanja, tapeza malo otchipa.' Ine mpaka kusoketsa diresi."

"Ana abwinotu amenewo."

"Abwino chani? Chipinda chimodzi, bambo! Iwo pabedi, ine mpongozi pansi ndi adzukulu atatu. Kukacha, awiriwo mataulo paphewa, ulendo wa kumchenga. Ine ndi matewera."

"Koma madziwo mwawapondako?"

"Ndawaonera pawindo, ndikuyanika zovala."

"Aaa! Bwanji osangotenga mlezi?"

"Mlezi amalipidwa. Chimene chatchipitsa ulendowu ndine."

"Nanga akudziwa kuti mwanyamuka?"

"Adziwa wakhandayo akalira. Ndawasiya onse ali m'tulo, matewera ndawasanjikira pamwamba pa mataulo awo."

"Sakwiya?"

"Akwiye! Anawo anabereka okha, lero adziwane. Tasunthani, bambo, ndikufuna ndikapeze mpando wam'mphepete m'botimo. Madzi amenewa ndiwakhudzeko ngakhale ndi chala."